Mwa masiku atatu a Linesi, awiri ndinadya ine

Lachisanu lapitali pa Chitakale ndinaona chinthu chimene chinandiwawitsa mtima mpaka ndinabwerera kunyumba osagula anyezi amene ndinapitira.

Kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kolowa m'mafupa. Ndinali nditaima kwa amayi ogulitsa nanazi, tikutsutsana ngati nanaziyo anapsa yekha kapena anachita kumukakamiza, pamene ndinaona mdzukulu wanga wa miyezi iwiri akudutsa tsidya lina la msewu ali kumsana. Koma msana umene unam'berekawo sunali wa mayi wake.

Unali msana wa Felesiya.

Mayi wa mwanayo, Linesi, ankayenda pambali atawagwirira ambulera, akuweramira kwa Felesiya uku akumuuza kanthu. Sanandione. Ine ndinawaona bwinobwino mpaka anakhotera kuseri kwa masitolo, ndipo ndisakunamizeni, owerenga anga, chimene ndinamva sichinali chidwi. Inali nsanje, yeniyeni.

Ndikuuzeni kaye kuti anthuwa ndani. Maina ndasintha, ndipo mwini nkhaniyi wandilola kuti ndiilembe. Linesi ndi mwana wa mng'ono wanga, amene anatisiya mwanayu ali sitandade folo. Ndinamulera ine. Atatha msinkhu ndinamulangiza ine, pa ukwati wake amene anayankhula mpaka anthu kuyamba kuyasamula ndine, atachira kuchipatala amene anasambitsa khandalo koyamba ndine ndemwe. Amanditchula kuti amayi, ndipo palibe anganene kuti dzinalo ndinachita kuba.

Felesiya ndi uja tinakhala naye benchi imodzi ku pulayimale. Masamu ankaonera kwa ine, ndipo ngati akuwerenga pano asayerekeze kukana. Ine ndinakhala mphunzitsi, iye namwino, ndipo tonse tinapuma pa ntchito. Koma taonani zimene dziko limachita. Ine anthu amati "aphunzitsi" pongondilonjera n'kupitirira. Iye amamutchula "adokotala", chonsecho udokotala sanaupangepo, ndipo pakhonde pake sipasowa munthu wokhala pamkeka. Zimenezo ndinazipirira zaka zambiri. Koma kufika ponditengera mwana ndi mdzukulu yemwe?

Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti Lolemba la sabata yomweyo Linesi anali kwanga. Anachokera kwawo cha ku Chinakanaka, mwana kumsana, n'kundipeza ndikusankha nandolo. Anakhala pansi n'kuyamba kundithandiza, koma manja ake ankangobwereza nandolo yemweyo.

"Amayi, ndimati ndifunse," anatero. "Mwambo uja munatiuza, wodika. Kodi bambo wa mwana akapempha njira ina, osati imene mwana anadzera, ndiye kuti mwambo waphwanyika?"

Kwa inu amene munakulira m'tauni, mwambo wake ndi uwu. Mayi akabereka, iye ndi mwamuna wake sagonana mpaka akuluakulu atawalola. Timati akafulumira, mwana amadwala tsempho, n'kutupa masaya ndi miyendo, ndipo bamboyo amatenga kanyera, n'kumangowonda. Timatinso bamboyo akatopa ndi kudika n'kukagona kunja, tsempho lomwelo limam'peza mwana. Ndi mmene tinalangizidwira ife, ndi mmenenso ndinawalangizira iwo.

Sindinamulole kuti amalize.

"Njira ina yake iti? Iwe usandibweretsere zam'mafoni pano. Ndinati miyezi isanu ndi umodzi, kodi ndinayankhula Chipwitikizi? Ukufuna mwanayu atupe, anthu aziti mwana woleredwa ndi aphunzitsi sadziwa mwambo?"

Ndiye ndinayamba. Amene munakhalapo m'kalasi mwanga mukudziwa kuti ndikayamba sindipuma. Ndinamuuza za kudekha, za ulemu wa banja, za amayi athu amene ankadika chaka chathunthu osadandaula. Ndinamuuzanso kuti mwamuna asamuumire mtima, azimusangalatsa, kuopa kuti angapite kunja. Sindinaone n'komwe kuti malangizo awiriwo akulimbana okhaokha. Dzuwa litapendeka anati, "Ndamva, amayi." Ndinamupatsa nandolo wa m'kathumba, ndipo ndinatsala ndikudziyamikira kuti ndagwira ntchito.

Ndiye mukundimvetsa. Munthu amene ndinamupatsa nzeru zanga zonse Lolemba, Lachisanu akunong'oneza Felesiya. Anapeza chiyani kumeneko chimene kwanga kunalibe?

Loweruka m'mawa ndinavala bwino n'kupita kwa Felesiya, ndikunamizira kukapempha mbewu ya kalongonda. Ndisanalowe n'komwe pampanda, nsanje inawonjezeka. Pakhonde panali Linesi akuyamwitsa, ndipo pampando panali mkamwini wanga, mwamuna wa Linesi, atazolika mutu. Mnyamata ameneyu amayendetsa thiraki yopita kudoko ku Mozambique, ndipo ine amandipatsa ulemu wa apongozi woti tikakumana panjira amapatukira m'minda ya tiyi. Chikwatire mwana wanga sitinayankhulanepo mawu opitirira moni. Koma apa anali atakhala phee pakhonde la munthu wachilendo, ngati mwana wa pakhomopo. Atandiona anadzuka, anaomba m'manja chapansipansi, n'kuzungulira kuseri.

"Aphunzitsi, mwafika bwino," anatero Felesiya. "Kalongonda ndilibe, koma mpando ulipo."

"Ndabwera kudzamva chimene ana anga akuchita pakhomo pano sabata yonseyi."

"Zimenezo si zanga zonena. Mwini wake ndi uyo, akafuna anena."

Tamvani, anthuni. Nkhani ya m'banja mwanga, ine n'kumadikira chilolezo pakhonde la mnzanga.

Linesi anamuchotsa mwana kubere, anamugoneka pamiyendo, ndipo anayankhula akuyang'ana pansi. Mwamuna wake anabwera ku ulendo Loweruka lapitalo, atakhala pamsewu masabata asanu. Lamulungu masana, ataweruka kutchalitchi, anamupempha. Linesi anakumbutsa za mwambo. Mwamunayo anati alipo malo amene mwambo sufika: kumbuyo, kotulukira chimbudzi. Kumeneko kulibe magazi a uchembere, ndiye kanyera palibe, tsempho palibe, mimba ina palibe. Linesi anakumbukira mawu anga akuti mwamuna asamuumire mtima, ndipo analola. Kondomu panalibe.

Lolemba m'mawa, akukhuthula chikwama cha paulendo kuti achape, anapeza botolo la mankhwala litakulungidwa m'sokosi, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Anali ma ARV, ndipo botolo linali pafupifupi lodzaza. Mwamuna wake anapezeka ndi kachilombo ka HIV miyezi ingapo yapitayo, akuyezetsa pa ulendo. Anamwa mankhwalawo masabata ochepa, kenako anasiya poopa kuti mkazi wake angawaone. Linesi kusikelo anamuyeza kawiri ali woyembekezera, ndipo analibe.

"Ndi zimene ndinabwerera Lolemba lija, amayi," anatero. "Ndimafuna ndiyambire pa mwambo kenako ndifike pa botolo."



Atachoka kwanga anabwerera kunyumba. Lachiwiri anakhala tsiku lonse m'nyumba akulira, osadziwa kolowera. Anamufunsa mwamuna wake, ndipo yankho lake ndi limene landisowetsa mtendere mpaka lero. Mnyamatayo, akulira nayenso, anati anasankha kumbuyo dala kuti amuteteze. Anzake apamsewu anamuuza kuti kachilombo kamadzera kumene kumadzera mwana, ndiye ukapita kwina mkazi wapulumuka. Iye ankaona ngati wapeza nzeru yosunga mwambo, kusunga mkazi ndi kusunga chinsinsi chake nthawi imodzi.

Lachitatu m'mawa Linesi anakumbukira kuti kuli namwino wina wopuma ntchito amene anam'gwira bwino dzanja tsiku lina atabwera kudzathandiza kusikelo, anafunsira njira, n'kufika pakhonde limeneli. Felesiya anamumvera osamudula. Atamaliza anamufunsa funso limodzi lokha: "Zinachitika liti, nthawi yanji?" Anawerenga pazala, anasiya madzi ali pamoto, anaitana kabaza wa njinga yamoto, ndipo asanakwane masana anali kuchipatala. Anamuyeza magazi n'kumuyambitsa mankhwala amene amati PEP, oletsa kachilombo kukhazikika m'thupi munthu akangokumana nako. Mankhwala amenewa amayenera kuyambika masiku atatu asanathe, maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Linesi anameza m'bulu woyamba kutatsala maola owerengeka pa dzanja limodzi.

Inu mukuganiza kuti ndinagwada n'kuthokoza? Ayi ndithu. Nsanje ndi matenda oipa. Ndinayamba kufunafuna polakwa.

"Koma a Felesiya," ndinatero, "si kuti mwangomuopseza mwanayu? Kamodzi kokha, komanso kumalo koti si kwenikweni?"

Apa ulemu wa "aphunzitsi" unatha.

"Iwe Joyisi, khala pansi bwinobwino ndikuphunzitse, lero sukuonetsa masamu. Kumeneko ndiye kwenikweni kwake. Njira ya kutsogolo Mulungu anaimanga yokhuthala, khungu lake la mkati ndi losanjikizana, ndipo ili ndi chinyezi chake. Nayonso kachilombo kamadutsa, usamve molakwa. Koma njira ya kumbuyo ndi mathero a matumbo aakulu. Mkati mwake muli kakhungu kamodzi kokha, kopyapyala ngati kaja ka mkati mwa chigoba cha dzira. Ntchito ya matumbo ndi kuyamwa, si kutchinga. Chinyezi chokwanira kulibe, ndiye timabala timachitika toti mwini wake sationa, mwina osatimva n'komwe."

"Chabwino, mabala. Nanga popanda mabala?"

"Kuseri kwa kakhunguko n'kumene kwadzaza asilikali a m'thupi, chifukwa m'matumbo mumadutsa zonyansa zambiri zofunika kulondera. Ndiye asilikali amenewo ndi omwe kachilombo ka HIV kamafuna. Sikalowa m'thupi n'kumangoyendayenda ayi, kamalowa mwa msilikali n'kuswerana momwemo."

Linesi anadzutsa mutu. "Muwauzenso za umuna zija, adokotala."

Adokotala. Pamaso panga.

"Umuna si madzi wamba onyamula mbewu," anapitiriza Felesiya. "Ngati bambo ali ndi kachilombo ndipo sakumwa mankhwala, kachilomboko kamakhala momwemo. Koma palinso china. Mu umunamo muli zinthu zimene zikakhudza khungu la mkati zimalidzutsa, limatupa pang'ono, n'kuitana asilikali kuti abwere pafupi aone chimene chalowa. Ndiye taganiza, asilikali athamangira pakhomo, pakhomopo ndi pamene pali mdani wofuna iwo omwewo, ndipo chitseko chake ndi kakhungu kamodzi kaja. Sindikunamiza kuti zonse zinadziwika. Ofufuza akadaunikabe kuti umunawo pawokha umafooketsa kakhunguko motani, chifukwa zina za momwemo zimaoneka zikulimbana ndi kachilombo, zina zikukathandiza. Koma chimene palibe amatsutsa ndi ichi: wolandira umuna kumbuyo popanda kondomu ali pangozi yaikulu kuposa wolandira kutsogolo. Akhale mkazi, akhale mwamuna, matumbo ndi amodzimodzi."

Anayang'ana khanda lili pamiyendo ya mayi wake, n'kutsitsa mawu.

"Ndipo uyu akuyamwa. Mayi akatenga kachilombo kumene, kamachuluka kwambiri m'thupi masabata oyambawo, ndi mumkaka momwe. Sitimathamangira munthu mmodzi Lachitatu lija, timathamangira awiri."

Ndinaphunzitsa sayansi ya sitandade seveni zaka zambirimbiri. Matumbo ndinawajambula pabolodi kosawerengeka, aang'ono ndi aakulu, ndi choko chofiira. Koma choko changa chinkathera pamene matumbo athera, n'kufufuta msanga ana asanayambe kuseka. Felesiya, amene sankatha kugawa ndi folo, anandifotokozera m'mphindi khumi chimene ine sindinachitchulepo moyo wanga wonse, ndipo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Zimenezonso ndinamuchitira nsanje.

Tsopano ndisiye kaye za m'nyumba mwanga, ndiyankhule ndi inu amayi anzanga amene timadzitcha alangizi.

Ife pachilangizo sitisiya kanthu. Timaimba, timavina, timaonetsa ndi m'chiuno momwe. Mkanda timaufotokoza, kansalu kofiira ndi koyera timakafotokoza, madzi ofunda a m'mawa timawafotokoza. Mtsikana amatuluka m'nyumba ya chilangizo makutu atadzaza. Koma ndani wa ife anatchulapo za kumbuyo? Timati n'zonyansa, n'zachilendo, kuno kulibe. Ena timati ndi nkhani ya amuna okhaokha, ndiye sizikhudza ana athu a m'mabanja. Kodi chinthu chimasiya kuchitika chifukwa choti alangizi atseka pakamwa?

Felesiya wagwira ntchito m'zipatala zaka zimene ine ndagwira choko. Sanandipatse dzina la munthu ngakhale mmodzi, koma anandiuza zifukwa zimene wakhala akumva m'chipinda chotseka chitseko. Mtsikana wa pasukulu woopa mimba. Wotomeredwa wofuna kuti adzapezeke ali namwali. Mayi amene ali kumwezi ndipo bambo sakufuna kudikira. Ndi awa odika mwambo wa mwana. Onsewa amaganiza kuti apeza njira yozemba, ndipo palibe anawauza kuti azemba mimba n'kulunjika kumene kachilombo kamalowa mosavuta. Akafika kuchipatala amangoti "ndinagona ndi munthu", zinazo amameza, poopa nkhope ya namwino. Nkhope ngati imene ndinamuonetsa Linesi Lolemba.

Ndipo tisanamizire ana. Msamphawu tinatchera ndife. Timauza banja laling'ono kuti dikirani theka la chaka. Timauza mkazi kuti mwamuna sakanizidwa. Timawauza onse kuti bambo akapita kunja mwana adwala. Zitseko zonse tatseka, makiyi tatenga, kenako tikudabwa kuti anthu atulukira pazenera? Mwambo wodika sindikuutaya ayi. Thupi la mayi wobereka kumene limafunadi kupuma, ndipo makolo athu sanali opusa. Koma makolo athu sankadziwa kachilomboka, ndipo ife amene tikukadziwa tikulangizabe ngati kulibe.

Mkamwini wanga sindikumuyeretsa. Kubisa botolo m'sokosi, mkazi akuyamwitsa mwana wako, ndi mlandu, ndipo a kwawo adzaumva pa nthawi yake. Koma ndikamuganizira ndimapezanso kuti mnyamatayu anafuna nzeru, ndipo anaipeza kwa anzake pamalo oimikira mathiraki chifukwa kwina kulikonse kunali kotseka. Kwa apongozi ake amathawira m'tiyi. Ankhoswe amawaitana zinthu zikavuta kale. Akanamwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku, Felesiya akuti, kachilomboko kakanachepa m'magazi mpaka osaoneka poyeza, ndipo munthu wotero sapatsira mkazi wake. Chimene chikanateteza Linesi chinali m'sokosi momwemo, chotseka. Pano wayambiranso kumwa, ndipo amene anamuperekeza kuchipatala kukayambiranso mukumudziwa kale. Si ine.

Ndinamvanso Felesiya akuwauza awiriwo zinthu zimene ine pakamwa panga sizikanatuluka. Kuti kondomu ndi ya njira zonse, osati ya kutsogolo kokha. Kuti kumbuyo imafuna mafuta ofewetsa amene amapereka kuchipatala, osati mafuta odzola kapena ophikira, chifukwa amenewo amaibowola. Kuti alipo mankhwala ena, PrEP, amene munthu wopanda kachilombo amamwa kuti adziteteze pamene mnzake ali nako. Anazinena ngati akufotokoza kaphikidwe ka thobwa, ndipo mkamwini wanga, amene anali atabwerera n'kukhala kumapeto kwa khonde chondifulatira, ankafunsa mafunso. Mawu ake ndinawamva bwino tsiku limenelo koyamba.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ine mwambi umenewu ndaunena pa maukwati ambiri, ndikudziloza pamtima. Moto unabweradi kwa ine Lolemba, ndipo unapeza dambo louma.

Musaganize kuti nsanje yatha chifukwa ndalemba zimenezi. Ilipo. Ndikamva Linesi akuti "adokotala anati", imadzukanso. Ndimafuna ndikanakhala ine woitana kabaza uja. Ndimafuna mdzukulu wanga akadzakula adzamve kuti agogo ake ndi amene anathamanga. Koma ndayesa kuifunsa nsanje yangayi kuti kwenikweni ikulira chiyani, ndipo yankho lake silokoma. Sikuti Felesiya amadziwa za matumbo kuposa ine, zimenezo munthu amaphunzira. Chimene ali nacho n'chakuti munthu akayamba kuyankhula, iye amadikira kuti amalize. Ine mwana wanga anabwera ndi botolo la ma ARV m'maganizo, ndipo ndinamubweza ndi kathumba ka nandolo.

Tisanabalalike Loweruka lija, Linesi atapita kuseri kukasintha mwana thewera, ndinamufunsa Felesiya funso limene linkandivuta.

"Tandiuza zoona. Akanayamba mankhwalawo Lolemba, zikanasiyana?"

Ndinkayembekeza kuti andipepesa mtima, monga timachitira pamaliro, kuti zonse ndi Mulungu. Sanatero.

"Inde," anatero. "Mankhwala amenewa amagwira bwino ukafulumira. Tsiku loyamba limaposa lachitatu. Analowa nthawi isanathe, ndipo chiyembekezo chilipo chachikulu. Koma masiku awiri aja anatayika, Joyisi, ndipo sindingakuuze kuti alibe kanthu."

Pamene ndikulemba pano, Linesi akumwabe mankhwala ake, m'bulu umodzi tsiku lililonse. Amamuchititsa nseru, koma sanadumphitse. Akuyamwitsabe monga anamulangizira kuchipatala. Akamaliza adzayezetsanso magazi, kenako adzayezetsanso patapita nthawi, ndipo mpaka tsiku limenelo palibe akudziwa, ngakhale Felesiya amene. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ife madzi sanapite.

Pobwerera ndinawaperekeza mpaka pa siteji ya minibasi. Mkamwini anatsogola patali monga mwa ulemu wake. Ndinayesa kupepesa, koma mawu opepesa mwana amene unamulera ndi olemera, ndipo ndinangoyamba kuzungulira. Linesi anandigwira mkono.

"Amayi, tsiku lokayezetsalo ndikufuna mudzandiperekeze inuyo."

Ine, osati Felesiya! Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze mmene tidzayendere, nthawi yonyamukira, zoti adzavale, ndi vesi loti tidzawerenge tisanalowe.

"Koma mukadzangokhala pambali panga," anatero. "Musadzayankhule. Zikadzatuluka zoipa, ndikufuna ndidzalire kaye mpaka ndimalize."

Ndinavomera ndi mutu, ndipo minibasi inanyamuka.

Inu amayi ndi abambo amene ana amakutchulani anzeru pamudzi, taganizani za mwana amene anabwera kwanu posachedwapa, n'kuyamba ndi mawu akuti "ndimati ndifunse". Mukukumbukira bwino zimene munamuyankha. Kodi funso lake analimaliza?